Tepi Yoperepeseka ya Abambo Anga

Mpaka lero ndikamva fungo la petulo m'mawa wachisanu, chala changa chamkombaphala chimayamba kuzungulira chokha. Ndimadziona nditakhala pakhonde la chisakasa chathu chosungiramo kachewere, miyendo itatuwa mbuu, nkhungu itatsika m'phiri mpaka kumeza mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba, tepi yakuda ija ili pamiyendo panga. Kunsi kwake kudali kabowo. Umalowetsamo msomali n'kukanikiza, kagudumu koyera n'kumasuka, ndiye iwe uzizungulitsa ndi chala, kuzungulitsa, kuzungulitsa, mpaka kanema yense abwerere poyambira. Abambo ankati makina akabweza okha amamwa petulo ngati chidakwa cha pamaliro, choncho ntchito imeneyo idagwera ine. Anzanga ali pa phada pansi pa mkungudza, ine ndili ndi msomali wanga. Sindinkadandaula ayi. Ngakhale ndidali mwana, ndinkadziwa kuti chinthu chili m'manja mwangachi ndicho chikuwagwira abambo kuti asachokenso pakhomo.

Ndiyambe ndi abambowo, pakuti amene amaseka nkhaniyi pa mowa masiku ano amaiyambira pakati. Dzina lawo adali a Fabiano. Kwawo kudali cha ku Ntcheu, ndipo kwathu kuno, kumtunda kwa Bembeke, adabwera kudzakwatira, ndiye adali mkamwini. Munda udali wa amayi, dimba la amayi, ife ana tidali a amayi, ndipo mawu onse pa mbumba yathu ankatuluka pakamwa pa atsibweni a Sitefano, achimwene awo a amayi. Mkamwini kwathu ankaonedwa ngati khasu lobwereka: ulimire, koma usalizolowere. Mwina n'chifukwa chake abambo adathera unyamata wawo kumigodi ku Joni. Ine ndidakula ndikuwadziwira pa bulangete lonunkhira sopo wachilendo limene ankabwera nalo patapita zaka. Tisanazolowere n'komwe kutsokomola kwawo, anyamukanso. Chaka chimene njira ya kumigodi idatsekedwa, adabwerera ndi makatoni akuluakulu omangidwa ndi zingwe. Atsibweni adali atagula kale ng'ombe ndi ngolo m'mutu mwawo, mpaka khola adali atasonyeza pomanga. Pomasula makatoni aja mudatuluka wailesi ya kanema, makina olowetsamo tepi, kajenereta kofiira, ndi tepi imodzi yokha, chifukwa zina zonse zidatsala m'manja mwa ofufuza katundu pachipata cha dziko. Atsibweni adayang'ana zinthu zija ngati aona mbuzi yobadwa ndi mitu iwiri.

"Alamu, ndiye bokosili lidzakoka ngolo?"

"Lidzakoka anthu, alamu," adatero abambo akupukuta galasi ndi malaya awo. "Ng'ombe imafa ndi nkhupakupa."

Madzulo ake, ndikuwathirira madzi osamba m'manja, adandiuza motsitsa kuti, "Mwanawe, ichi chikagwira sindipitanso kwina. Ndatopa kukhala mlendo kwa ana anga." Adawonjezanso kuti tikakumba kachewere ndiyamba sukulu kwa asisiteri, ngakhale ndidali nditakula kale kuposa anzanga oyamba. Mawu amenewo ndidawasunga ngati mbewu ya m'chiguduli.

Idali nyengo yachisanu, chimanga chili kale m'nkhokwe, mphepo ikuwomba kuchokera m'mapiri ngati yatumidwa. Kunja kukacha timatong'ola chimanga manja atauma gwa, kapena kutsikira kudimba kukakumba kachewere m'dothi lozizira lomata zala, kapena kukatola nkhuni za paini zonunkhira utomoni. Koma Loweruka masana ndi Lamulungu tikatuluka ku Misa, mudzi wonse umakhamukira kwathu. Abambo adakankhira milu ya kachewere kumakoma a chisakasa, natseka mazenera ndi matumba kuti mkati mukhale bii dzuwa lili pamutu. Wolowa ankasiya pakhomo chimene ali nacho, wina kambale ka nyemba, wina mazira, wina kandalama kake, ndipo wopanda kanthu abambo ankangomuyang'ana kumbali kuti adutse, mpaka amayi ankang'ung'udza. Anthu ankachokera kutali, ena mpaka kumidzi ya kumapiri a Mphunzi, nsapato zili m'manja. Mkatimo mumanunkha dothi la kachewere, utsi wa m'zitenje, fodya wopotera, thukuta la anthu opanikizana, ndi petulo wolowera pamng'alu wa chitseko. Ana timakhala pansi kutsogolo, amayi pamatumba kumanzere, abambo kumanja. Mpando udali umodzi wokha pakhomo pathu, wansalu wopinda, wochokeranso ku Joni. Mukudziwa amene ankaukhalira? Atsibweni a Sitefano, omwewo a bokosi losakoka ngolo. Sadajombepo, sadasiyepo dzira pakhomo, ndipo akachedwa ku mowa ankatuma mwana kudzanena kuti tisayambe.

Kanemayo adali wa zigawenga za mumzinda wina wa kunyanja yamchere, kodzaza sitima zikuluzikulu ndi nyali. Chilankhulo chake palibe ankachimva bwino. Poyamba abambo ankamasulira timawu tina, koma posakhalitsa padalibenso wofuna womasulira, chifukwa tidapatsa anthu aja maina athu ndi mawu athu. Mkulu wa zigawengazo tinkamutcha Mdala wa Nsomba, poti m'chipinda mwake mudali bokosi lagalasi lodzaza madzi, ndipo ankadyetsa tinsomba tofiira ndi dzanja lake uku akulamula kuti uje asaone kutuluka kwa dzuwa. Adali nkhalamba yovala bwino, chipewa chakuda, ndodo m'manja, mawu ofatsa. Akalowa, onse amaimirira. Akaseka, onse amaseka. Apolisi ankadya patebulo lake. Ndiye padali Dalaivala wake, wowonda ngati bango, kachitsotso ka machesi kali pakona ya kamwa, amene mng'ono wake adamizidwa padoko ndi anyamata a Mdala chifukwa chofunsa funso limodzi. Dalaivala adadziwa, koma ankangotsegulabe chitseko cha galimoto n'kuwerama, mpaka tsiku limene adalephera kuwerama n'kuthawa, ndiye kanema yense n'kusakana m'timisewu tamdima. Anyamata ankakonda mfuti ndi galimoto zogubuduka. Ine ndinkadikira munthu wina: mayi wochapa zovala kunyumba kwa Mdala. Mayiyo sankalankhula, ankangodutsa kumbuyo ndi beseni, ndipo wosayang'anitsitsa sakadamuona. Koma kumapeto, Dalaivala ataima kunja kwa mpanda wautali wosakwereka, mayi uja amayanika malaya, kupukuta manja pachitenje chake, kupita pachipata, kusolola chitsulo chotsekera, n'kubwerera kukayanika malaya ena ngati palibe chachitika. Dalaivala amalowa. Mfuti imalira kamodzi. Galasi lija phwaa, madzi khuu, tinsomba tili phiriphiri pansi, Mdala wagwada, kenaka wagona, chipewa chikugubuduka chokha mpaka pakhomo.

Mudzafunsa kuti anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankaonereranji chinthu chimodzimodzi sabata ndi sabata, poti mapeto ankawadziwa ngati Atate Athu. Inu obadwa dzulo simungamve msanga. Masiku amenewo munthu ukafuna kutsokomola unkayamba wayang'ana kumbuyo. Pamsika sulowa wopanda khadi la chipani, ndipo anyamata a malaya ofiira, ana oti tidawaona akuyenda opanda kabudula, ankaimitsa nkhalamba n'kuikhazika m'matope. Munthu ankatha kutengedwa ali pamunda, ndipo mkazi wake ankalira chamumtima, osafunsa. Tsono m'chisakasa muja, mumdima, tinkaona munthu woopedwa ndi mzinda wonse akugwa ngati thumba la chimanga. Nkhalamba ya chipewa chakuda ndi ndodo, yoimiriridwa ikalowa. Palibe adatchulapo kuti ikufanana ndi yani. Ngakhale ine pano sinditchula, lilime lidazolowera. Koma aliyense ankadziwa, ndipo ankadziwa kuti mnzake akudziwa, ndipo kukoma kwake kudali komweko. Potuluka anthu ankaphethira ndi kuwala kwa dzuwa, mapewa atatsika, ngati atula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Anyamata adayamba kuyenda ndi zitsotso za machesi pakamwa. Ife atsikana, tikatopa ndi fulaye, tinkasewera za kanemayo kuseri kwa khola, ndipo tinkakanganirana kukhala mayi wochapa, pomwe wokhala Mdala tinkachita kumukakamiza.

Chimene chidatipweteka ndi mawu amodzi: bwezani. Chipewa chija chikangofika pakhomo, chisakasa chonse chinkaphulika. "Bwezani pamenepo, a Fabiano! Bwezani!" Ndipo mawu okulirapo onse ankachokera pampando wansalu. "Alamu, musaumire petulo! Agwenso!" Apo abambo sakadatulutsa tepi kuti ndibweze ndi msomali, anthu sakadapirira, choncho abambowo ankangodina makina, chithunzi n'kuthamanga chobwerera, madzi kubwerera m'galasi, Mdala kudzuka, chipewa kulumphira pamutu, anthu n'kumafa ndi phwete, kenaka agwenso. Agwenso kachiwiri. Agwenso. Ndiye amayi a kwathu, mukudziwa, chimwemwe chikawakwera sichikhala pachifuwa, chimatulukira pa lilime. Woyamba kululutira adali a Nachisale, oyandikana nafe, amene ankatsogoleranso nyimbo amayi akamapita kukavinira akuluakulu a dziko. Iwo akayamba, ena onse ankalandira, nthungululu n'kuboola denga laudzu, kutsika chigwa chonse, kukagunda phiri la kutsidya n'kubwerera. Nthungululu ndi ya mwana wobadwa, ya mkwatibwi, ya munthu wopambana mlandu. Ife tinkaiimbira nkhalamba ya chipewa chakuda ikugwa, masana dzuwa likuswa mtengo, m'dziko limene mphepo inkanyamula mawu kukatula ku ofesi. Abambo okha ndiwo ankaoneka osakhazikika.

"Pang'onopang'ono, amayi. Phirili lili ndi makutu."

"Aa, inunso a ku Joni mantha!" adatero a Nachisale akupukuta misozi yachiseko. "Tikululutira nsomba ife, zapulumuka m'galasi!"

Chisanu chisanathe, malo amenewo pa tepi adayamba kudwala. Kanema yense ankaoneka bwinobwino, koma mayi wochapa akangogwira chitsulo cha pachipata, chithunzi chinkayamba kunjenjemera, mizere yoyera kutsika ngati mvula yamatalala, mawu kukokeka ngati munthu wolankhula m'madzi. Abambo adatsegula kachivundikiro n'kundionetsa: riboni yakuda ija pamenepo idali itaperepeseka, yamakwinya ngati khungu la pachigongono. Adati njira imaoneka ndi mapazi odutsapo.

Adabwera pakati pa sabata, m'mawa, ife tili kudimba. Mwana adathamanga kudzatiitana, ndipo pofika tidapeza a tcheyamani a chipani a dera lathu ataima pakhomo pa chisakasa ndi anyamata awo a malaya ofiira. Amene adakanena sindimudziwa mpaka lero, ndipo mwina padalibe wokanena, nthungululu idadzinenera yokha. Adaitanitsa mudzi wonse. Anthu adalowa momwe ankalowera masiku onse, aliyense n'kukhala pamalo pake osauzidwa, mapazi okha akuwaulula, koma mpando wansalu tsiku limenelo adakhalira a tcheyamani, atsibweni ali chiimire kukhoma, chipewa chili m'manja. Adalamula abambo kuliza jenereta. Tidaonera kanema yense kuyambira poyamba, muli zii, popanda wotsokomola n'komwe. Ine ndinkapemphera kwa Amayi Maria kuti petulo athe. Sadathe. Mayi wochapa adayanika malaya ake, adapukuta manja, adagwira chitsulo, ndipo chithunzi chidayamba kunjenjemera. Mdala adagwa m'kati mwa matalala oyera aja, chipewa n'kugubuduka. A tcheyamani adakweza dzanja kuti aimitse.

"A Fabiano, kanema yense ali bwino. Nanga pano pokha padyeka bwanji?"

Abambo adangoti tepi ndi yakale.

"Yakale pamodzi pokha? Mphasa imatha pomwe anthu amakhalapo. Ndani amakonda kuona mkulu wa chipewa akugwa? Ndani amalulutira kuno?"

Abale inu, ndakhala zaka zambiri, ndaika m'manda anthu ambiri, koma chete ngati ameneyo sindidamumvenso. Anthu amene adatha matumba athu ndi matako awo adayang'ana pansi ngati ataya singano. A tcheyamani adayamba kuloza mmodzimmodzi. Wina adati iye adangolowapo kamodzi kudzafuna mwana wake. Wina adati Loweruka amakhala kudimba, afunseni akazi ake. A Nachisale adati, "Ine maso angawa adatha ndi utsi, bwana, bokosilo ndimangoona kuwala. Nthungululuyo kapena kudali chinkhoswe kutsidya." Kenaka chala chidafika pa atsibweni, eni mbumba, munthu amene pamwambo wathu ndiye amaima kutsogolo nkhani ikagwa pakhomo pa mlongo wake. Akadangonena kuti ndi kanema chabe, mudzi wonse timaonera, mukatenga mmodzi mutitenge tonse, kodi akadamanga mudzi wathunthu ndi makanda omwe? Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo lathu tsiku limenelo lidali louma, ndipo lidayaka lokha.

"Bwana, awa ndi akamwini," adatero atsibweni akupotokola chipewa. "Obwera. Za m'mitima mwawo ife eni mudzi sitizidziwa. Ine ndidawauza kuti agule ng'ombe."

Ndidaimirira ine, kamtsikana kotuwa miyendo, pakamwa patatseguka kale kuti ndifunse kuti nanga pampandowo pankakhala ndani. Dzanja la amayi lidanditseka pakamwa mwamphamvu mpaka ndidalawa dothi la kudimba ndi magazi a mlomo wanga. Abambo adandiyang'ana, adayang'ana anthu onse aja mmodzimmodzi, osafulumira, ndipo adati, "Ndinkaonera ndekha, bwana. Ndinkabweza ndekha." Munthu mmodzi, kululutira yekha ndi mawu a amayi a mudzi wonse! A tcheyamani adadziwa kuti ndi bodza, anyamata awo adadziwa, nkhuku za pabwalo zidadziwa. Koma bodzalo lidakomera aliyense, ndipo adalilandira ndi manja awiri.

Adawasenzetsa abambo wailesi ya kanema ija pamutu, anyamata atanyamula zotsalazo, n'kuwatsitsa njira ya kumsewu. Ndidawatsatira mpaka pamlatho wamitengo, pomwe mnyamata wina adanditembenukira ndi chikwapu. Kumene adakawasunga sitidauzidwe, ndipo amayi sadayerekeze kufunsa. Tidakumba kachewere yense tokha. Palibe adabwera kudzatithandiza kusenza, palibe adabwera kudzapala moto pakhomo pathu, ngati tili ndi khate. Abambo adabwerera mapichesi atachita maluwa, akukoka mwendo, mano akutsogolo palibe, ndipo sadanenepo kanthu za kumeneko kufikira tsiku limene ndidawaona komaliza. Ankakhala pakhonde la chisakasa n'kumayang'ana nkhuku. Ine ndinkati basi, bola abwera, bokosi lipite, tidzalima. Koma atsibweni sadathe kupirira kuwaona. Ndidazindikira nditakula kuti munthu amene wamulakwira amakuwawa m'maso kuposa amene wakulakwira. Adasonkhanitsa akuluakulu a mbumba n'kunena kuti pakhomo pokhala munthu wa mlandu wa boma mbumba yonse imanunkha, ana sadzalembedwa ntchito, feteleza wa ngongole adzatidumpha. Adawauza amayi kuti asankhe pakati pa mwamuna ndi abale. Amayi adalira, koma munda udali pa mbumba, ndipo tidali ana ambiri ofuna kudya. Sindiwaimba mlandu waukulu amayi anga, Mulungu awalandire. Koma waung'ono ndimawaimbabe.

Adawasudzula abambo ngati mmene amabwezera khasu lobwereka likabuntha. Adanyamuka m'mawa ndi bulangete lawo lomwe lija, kupita kukagwira utenanti kuminda ya fodya ku Kasungu. Ndidawaperekeza mpaka pamlatho womwe uja. Adandigwira chala chamkombaphala, chimene chidali ndi chikanga chifukwa cha kagudumu kaja, adachiyang'ana, n'kuseka ndi m'kamwa mopanda mano. "Unkabweza bwino," adatero. Mawu a kusukulu sadatchulidwenso ndi wina aliyense. Ndidabereka ana a amayi kumsana mpaka ndidayamba kubereka anga. Uthenga wa maliro a abambo udatipeza patapita zaka, atayikidwa kale ndi anthu osawadziwa.

Mukuganiza kuti zathera pomwepo? Dikirani mumve mwano. Chaka chotsatira ndidapita ndi amayi ku Linthipe kukagulitsa kabichi. Tili pamsika ndidamva kajenereta kakulira kuseri kwa sitolo ina, ndipo ndidakazindikira pomwepo, chifukwa kathu kadali ndi katsokomoledwe kake, kamati kakalira n'kudukiza ngati katsamwa. Ndidasiya dengu n'kutsata mawuwo. Sitoloyo idali ya mphwawo wa a tcheyamani. Ndidasuzumira pamng'alu: bokosi lathu, lokhala ndi kachizindikiro komwe abambo adakanda pakona, ndi kanema wathu yemweyo, woopsa uja, wogwetsa dziko uja, anthu atadzaza akulipira pakhomo. Ndidaima pomwepo mpaka kumapeto kudikira mayi wochapa. Adayanika malaya, adapukuta manja, ndipo mwadzidzidzi chithunzi chidalumpha, n'kuoneka nyanja ndi malemba otsiriza. Adali atadula malo operepeseka aja ndi lumo n'kulumikiza. M'kanema wawo chipata sichitseguka. Mdala sagwa. Amangodyetsabe nsomba zake mpaka muyaya. Ndipo anthu potuluka, pakati pawo ndidaona amuna a m'mudzi mwathu, atayenda mtunda wonsewo kudzaonera chinthu chopanda mapeto, ndi atsibweni a Sitefano ali pambuyo, kachitsotso ka machesi kali pakamwa. Atandiona adakalavula.

Zinthu zitasintha m'dziko, anthu atayamba kulankhula mokweza pamsika, mudzi wathu udadzaza ndi ngwazi za pakamwa. Pa mowa uliwonse umamva kuti, "Ife kuno tidayamba kale, tinkalulutira mdala akugwa ena akunjenjemera!" A Nachisale maso adawatsegukanso, ankafotokoza kanema yense mpaka mtundu wa tinsomba. Atsibweni ankauza achinyamata kuti chisakasa chija chidali cha pa mbumba yawo, ndipo ndiwo ankalamula kuti abweze. Pamenepo pokha ndiye ankanena zoona. Mpaka lero wina akagwa m'matope ataledzera anzake amakuwa kuti "Bwezani!" n'kumaseka, ndipo ana oseka nawo sadziwa kuti mawuwo adadya munthu. Dzina la a Fabiano silitchulidwa. Kanema adawakomera onse, mlandu adausiyira wobwera. Atsibweni atamwalira ndidaphika nawo pamaliro, ndidagona pasiwa monga mwa mwambo, koma misozi ndidaisunga, idali ndi mwini wake.

Chaka chathachi mdzukulu wanga wina, amene amandimva ndikung'ung'udza za nkhaniyi, adafufuza pafoni yake mpaka adampeza kanemayo. Akuti kunja kuli anthu ambiri omukonda mpaka pano, amaonera mobwerezabwereza n'kumakambirana. Sindidadabwe. Kulikonse kuli anthu amene amawerama masana, ndipo amafuna kukhala mumdima pang'ono n'kuona wina akuwatsegulira chipata. Zimenezo si tchimo. Inenso ndidazikonda, ndipo ndikadazikondabe. Chimene chimandiwawa n'chakuti tidaonera mayi wochapa uja nyengo yathunthu, tidamuombera m'manja, koma titafunsidwa padalibe ndi mmodzi yemwe wopukuta manja n'kupita pachipata. Tidaphunzira kululutira, kusolola chitsulo ayi.

Tidakhala pakhonde, kafoni kali m'manja mwa mwanayo, ine ndikuyandikitsa maso. Zonse zidalipo, doko, machesi, tinsomba tofiira. Atafika poyanika malaya ndidapeza ndagwira mpweya, kudikira kuti chithunzi chinjenjemere. Sichidanjenjemere. Mdala adagwa bwinobwino, mosalala, ngati palibe adamuonapo akugwa. Mwana adandifunsa ngati abweze. Ndidamuuza kuti azimitse, ameneyo si wathu. Wathu adali ndi chipsera pamene maso a mudzi wonse adapondapo, ndipo mwa onse amene adali m'chisakasa tsiku lija, akulu ndi ana, obatizidwa ndi oimba kwaya, tepi yokhayo ndiyo idakana kunena kuti abambo anga ankaonera okha.